Laibulale ya m'nyumba pa laputopu yakale: malangizo kwa Amalawi okhala ku Chipata

Mabuku ambiri amene Amalawife tili nawo kuno ku Chipata amakhala m'mafoni. Lina linabwera pa gulu la WhatsApp la kumpingo, lina anatumiza ndi aphunzitsi a mwana, ena ndi mapepala a mayeso akale amene alamu anatumiza kuchokera ku Mchinji. Onsewo aunjikana malo amodzi ndi zithunzi za chinkhoswe, ndipo mayina ake ndi manambala okhaokha osadziwika mutu wake. Foni ikadzaza timafufuta mosaona. Ikabedwa pa msika wa Kapata, mabuku nawo apita.

Njira yake ilipo, ndipo siyofuna ndalama zambiri. Mumatenga kompyuta imodzi, n'kuikamo mabuku onse mwadongosolo, kenako kompyutayo imagawira mafoni onse a m'nyumba kudzera pa Wi-Fi. Kompyuta yogwira ntchito yotereyi imatchedwa seva. Mwana akafuna buku amangotsegula Chrome pa foni, n'kuona zikuto za mabuku zitandandalikana, n'kusankha. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti zimenezi sizidya bandulo ngakhale pang'ono. Foni ndi laputopu zikakhala pa rauta imodzi, kabokosi kogawa Wi-Fi kaja, zimalankhulana zokha, ngakhale bandulo itatha dzulo.

Makina ake

Mukafunsa anyamata odziwa zamakompyuta adzakuuzani kuti mugule kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi. Ndi kachipangizo kabwino, sikadya magetsi ambiri, koma ine ndingakulangizeni laputopu yakale ija ili m'sutikesi, ngakhale ili yosweka galasi pakona. Chifukwa chake ndi batire. Amene tinali kuno mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, tikudziwa kuti malaiti, monga anenera anzathu akuno, amatha kupita m'mawa n'kubwera anthu atagona. Kompyuta yopanda batire imazima mwadzidzidzi, ndipo kuzima kotere kukachitika ikulemba fayilo, mndandanda wa mabuku umatha kuwonongeka. Laputopu imapitiriza ntchito, ndipo batire ikatsala pang'ono imadzizimitsa yokha mwaulemu.

Rauta nayo imafuna moto. Yambiri imayendera 12V, ndipo pali timabatire tating'ono togulitsidwa m'mashopu a zamagetsi timene timaiyendetsa maola angapo. MiFi, rauta yaing'ono yoyenda nayo, ili ndi batire yakeyake. Ngati zonsezi palibe, yatsani hotspot pa foni imodzi, mulumikizeko laputopu ndi mafoni enawo.

Za mayunitsi musade nkhawa. Laputopu yodya 15W itayaka usana ndi usiku mwezi wonse imamaliza mayunitsi pafupifupi 11. Ndiponso palibe chokukakamizani kuisiya yoyaka usiku wonse. Ambiri angaiyatse ana akaweruka, n'kuizimitsa pogona. Chofunika kugula ndi adaputala yoteteza ku mphamvu ya magetsi yobwera modzidzimutsa, makamaka nyengo ya ziphaliwali. Laputopuyo muiike pa thebulo, osati pa matiresi, poti kutentha kwa mwezi wa Okutobala kuno simasewera. Mukaona batire yayamba kufufuma mpaka kukankha mabatani, ichotseni msanga.

Chinthu china chaching'ono chimene chimasokoneza anthu: mukatseka chivindikiro cha laputopu, imagona, ndipo seva imaleka kuyankha. Pitani pa Power Options mu Windows, musankhe kuti chivindikiro chikatsekedwa isachite kanthu, komanso kuti isamagone ikakhala pa moto.

Kuyamba ndi Calibre

Pulogalamu yake ndi Calibre. Ndi yaulere, anaiyamba ndi Kovid Goyal mu 2006, ndipo imayenda pa Windows, pa Mac ndi pa Linux. Itengeni pa webusaiti yake yeniyeni, calibre-ebook.com. Fayilo yake ndi yoposa 100 MB, choncho dikirani bandulo ya usiku. Calibre ya masiku ano siyenda pa Windows 7. Ngati laputopu yanu ndi yokalamba chotero, pezani wina akuikireni Linux Mint m'malo mwa Windows. Imapepuka, ndipo Microsoft inasiya kale kusamalira Windows 7 mu 2020.

Mukatsegula Calibre koyamba idzafunsa malo osungira mabuku. Vomerani foda imene ikusankhireniyo. Kenako dinani Add books, mulowetse mabuku amene mwakopera kuchokera m'mafoni. Calibre imadzipangira mafoda ake motsata dzina la wolemba ndi mutu wa buku. Musalowe m'mafoda amenewo n'kumasintha mayina kapena kusuntha zinthu ndi dzanja. Pulogalamuyi ili ndi kaundula wake, fayilo yotchedwa metadata.db, ndipo mukasuntha buku iyo isakudziwa, lidzaoneka pa mndandanda koma lidzakana kutseguka.

Seva ili m'kati mwa Calibre momwemo. Dinani Connect/share, kenako Start Content server. Windows ikafunsa ngati mukuilola kudutsa pa firewall, chitetezo chimene chimatsekereza zolowa mu kompyuta, vomerani. Mukadinanso Connect/share mudzaona adiresi ya laputopuyo, manambala ooneka ngati 192.168.1.5, ndi nambala ya khomo, 8080. Pa foni yolumikizidwa ku Wi-Fi yomweyo lembani http://192.168.1.5:8080, mukuika manambala anuanu. Zikuto zikaoneka, ntchito yaikulu yatha.

Zikakana, kawirikawiri vuto limakhala limodzi mwa atatu awa: foni ikadali pa data m'malo mwa Wi-Fi, firewall yatseka khomo, kapena rauta yapatsa laputopu adiresi ina magetsi atabwerera. Lachitatuli ndi lotopetsa chifukwa limabwerabwera. Lowani m'makonzedwe a rauta, pa gawo la DHCP, muuze rauta kuti izipereka adiresi imodzimodziyo kwa laputopuyo nthawi zonse. Mukatero lembani adiresiyo pa kapepala, mumate pakhoma.

Pa Preferences, pa Sharing over the net, chongani kuti seva iziyamba yokha Calibre ikatsegulidwa. Pomwepo mungaikenso mayina ndi mapasiwedi a owerenga. Ngati mumagawana Wi-Fi ndi anthu a nyumba zina pa pulotipo, musadumphe zimenezi.

Kusanja, pamene pagona nkhani

Zonse zapamwambazi munthu amamaliza madzulo amodzi. Chimene chimasiyanitsa laibulale yowerengedwa ndi yongoyaka magetsi ndi kasanjidwe, ndipo apa palibe chidule. Buku lililonse lidinidwe, musankhe Edit metadata, mulembe mutu wake weniweni ndi wolemba. Mabuku achingelezi odziwika Calibre imatha kuwapezera yokha chikuto ndi mbiri yake pa intaneti. Achichewa ambiri sidzawapeza, ndiye mulembe nokha. Ntchito imeneyi apatseni ana a kusekondale pa holide. Amaigwira msanga kuposa ife, ndipo pogwirapo amadziwa mabuku amene ali m'nyumba.

Mabanja athu ambiri ali ndi ana mbali zonse ziwiri za malire. Wina akulemba mayeso a ECZ kuno, mnzake akukonzekera MSCE ya MANEB ali kwa agogo ku Kasungu. Masilabasi ake ndi osiyana, ndipo kuyambira 2025 Zambia nayo inayamba kutchula kalasi yoyamba ya sekondale kuti Fomu 1. Choncho kungolemba kuti “Fomu 1 Masamu” sikukwanira. Pa malo olembedwa Tags ikani dziko, kalasi ndi phunziro, chilichonse pachokha: Malawi, Fomu 3, Biology. Pa mapepala a mayeso onjezani chaka. Gwirizanani kalembedwe kamodzi m'nyumbamo, chifukwa wina akalemba “Fomu 3” wina “F3”, Calibre iziona ngati zinthu ziwiri.

Palinso kalembedwe ka chinenero. Mabuku a kuno amalemba c pamene ife timalemba ch, monga cakudya ndi Cinyanja. Mwana akafufuza “chinyanja” sapeza buku lolembedwa “Cinyanja”. Muphunzitseni kusiya chiyambi cha mawu n'kulemba “nyanja” kapena “akudya”, ndipo onse awiri adzatuluka.

Za mitundu ya mafayilo, EPUB ndiyo ya pa foni. Zilembo zimakula kapena kuchepa mmene maso anu afunira, ndipo buku la nthano lopanda zithunzi nthawi zambiri silifika 1 MB. PDF imasunga tsamba mmene linasindikizidwira, choncho pa foni yaing'ono umangokhalira kukokera uku ndi uku. Calibre imatha kusandutsa PDF kukhala EPUB, koma pa mabuku a masamu ndi a matebulo zotsatira zake zimakhala phala. Asiyeni momwemo. Ndi bwino kuwapanga dawunilodi n'kuwatsegula ndi pulogalamu ya pa foni kusiyana ndi kuwawerengera mu Chrome. Mapulogalamu monga Librera, KOReader ndi Moon+ Reader amatha kulumikizana ndi seva yanu mwachindunji: mumangowapatsa adiresi ija n'kuwonjezera /opds kumapeto. Buku likalowa mu foni, mwana amaliwerenga ngakhale laputopu itazima.

Nanga Calibre-Web?

Mudzamva dzina limeneli. Ndi pulogalamu ina, yolembedwa ndi anthu ena, imene imawerenga laibulale yomweyo ya Calibre n'kuionetsa mokongola. Munthu aliyense amakhala ndi akaunti yake ndi mashelefu ake, ndipo mungathe kubisa mabuku ena kuti ana asawaone. Imayankha pa khomo 8083, ndipo ambiri amaiika kudzera pa Docker, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu ena. Imabwera ndi dzina lakuti admin ndi pasiwedi yakuti admin123, zimene aliyense amazidziwa, choncho musinthe tsiku lomwelo. Maganizo anga ndi akuti pa banja limodzi siyofunika. Ndi ya sukulu, ya mpingo, kapena ya bungwe la Amalawi pamene owerenga ndi ambiri ndipo pali munthu wodzipereka kuisamalira.

Kuti akumudzi nawo aziwerenga

Ili ndilo funso limene aliyense amafunsa. Malangizo ambiri a pa intaneti amati mutsegule khomo pa rauta kuti anthu akutali alowe. Ngati intaneti yanu ndi ya simu khadi, kaya Airtel, MTN kapena Zamtel, nthawi zambiri sizitheka, chifukwa makampani a mafoni amagawira makasitomala ambirimbiri adiresi imodzi yakunja. Wochokera kutali sangadziwe khomo lanu. Starlink, intaneti ya setilaiti imene inafika ku Malawi ndi ku Zambia mu 2023, nayo imachita chimodzimodzi pa mapulani a m'nyumba. Ngakhale zitatheka, khomo lotsegukira dziko lonse limayesedwa ndi akuba a pa intaneti usana ndi usiku.

Njira yotetezeka ndi pulogalamu yotchedwa Tailscale. Mumaiika pa laputopu ndi pa foni ya m'bale wanu, ndipo zipangizozo zimakhala ngati zili pa Wi-Fi imodzi ngakhale wina ali ku Lilongwe. Laputopu imalandira adiresi yoyamba ndi 100, ndipo m'baleyo amalemba adiresi imeneyo ndi 8080 kumapeto. Pa ntchito ya pabanja ndi yaulere. Koma apa bandulo imadyedwa mbali zonse: yanu potumiza, yake polandira. Ndiponso magetsi akapita kuno mpaka mabatire kutha, ku Lilongwe laibulale yatsekedwa.

Ife a ku Chipata tili ndi mwayi umene anzathu a ku Johannesburg alibe. Malire a Mwami ali pafupi, ndipo sabata siitha popanda wodziwana naye wopita ku Mchinji kapena ku Lilongwe. Fulashi ya 16 GB imanyamula mabuku a EPUB masauzande. Sankhani mabuku, dinani Save to disk, mupatsire wapaulendo. Kwa agogo amene netiweki amaipezera pachulu, memori khadi yodzaza ndi yothandiza kuposa seva iliyonse. Tailscale isiyireni mwana wa ku koleji amene amafuna buku lero lomwe.

Mabukuwo achokera kuti

Aulere ovomerezeka alipo ambiri. Project Gutenberg ili ndi mabuku akale oposa 70,000, ambiri achingelezi. OpenStax imapereka mabuku a sayansi, masamu ndi zamalonda a msinkhu wa koleji. Kwa ana aang'ono, African Storybook ndi Bloom Library ali ndi tinkhani ta zithunzi m'Chichewa ndi m'Chinyanja. Timeneti n'tofunika kwa mwana wobadwira kuno amene mukufuna kuti akapita kumudzi asamaoneke mlendo pa kuwerenga.

Mabuku ojambulidwa ndi foni amene amazungulira m'magulu a WhatsApp ndi nkhani ina. Malamulo a umwini wa zolemba alipo m'maiko onse awiri. Kwathu lamulo lake ndi la 2016 ndipo amaliyang'anira ndi a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zolemba ndi zaluso. Olemba m'chinenero chathu ndi ochepa kale, ndipo msika wawo ndi ife tomwe. Buku la mlembi wamoyo ligulidwe. Dziwaninso kuti mabuku ambiri ogula pa Amazon amakhala okhomedwa, moti ngakhale mutawalowetsa mu Calibre satseguka.

Pomaliza pa ntchito yonse, sungani kope lachiwiri. Hadi disiki ya laputopu yakale imafa osatsanzika. Kamodzi pa mwezi tsekani Calibre, mukopere foda yonse ya Calibre Library pa fulashi, pamodzi ndi metadata.db, poti m'menemo ndi mmene muli kasanjidwe konse kamene ana anavutikira. Musaike laibulale imene mukugwiritsa ntchito mu foda ya Google Drive. Eni ake a Calibre amachenjeza kuti mafayilo amatha kuwonongeka kapena kusowa. Fulashiyo isamagone m'chikwama chimodzi ndi laputopu, ndipo mukamapita kumudzi pa Khirisimasi tengani ina mukaisiye kumeneko.