Kapezedwe ka Mwayi Pophatikiza Manambala Otsata Normal Distribution

Mukaphatikiza manambala awiri osinthasintha amene iliyonse imatsata normal distribution (kagawikidwe kamene manambala ambiri amakhala pafupi ndi avareji, ndipo chithunzi chake chimaoneka ngati belu), zotsatira zake zimatsatanso normal distribution, malinga ngati manambalawo sadalirana. Yambani ndi kuphatikiza maavareji awo. Kenako phatikizani ma variance, osati ma standard deviation (standard deviation ndi muyezo wa mmene manambala amatalikirana ndi avareji, ndipo variance ndi standard deviation yochulukitsidwa ndi iyo yomwe). Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa, chifukwa kuphatikiza ma standard deviation kumaoneka kwachidule koma kumapereka yankho lolakwika.

Tiyerekeze kuti ntchito yoyamba imatenga avareji ya mphindi 50 ndi standard deviation ya 3, pamene yachiwiri imatenga mphindi 30 ndi standard deviation ya 4. Avareji ya zonse pamodzi ndi mphindi 80. Variance ndi 9 (3 × 3) kuphatikiza 16 (4 × 4), zomwe zikukwana 25, choncho standard deviation ndi 5 (chifukwa 5 × 5 ndi 25), osati 7.

Kuti mudziwe mwayi woti ntchito ziwirizi zipitirire mphindi 90, chotsani 80 pa 90, ndipo zotsalazo muzigawe ndi 5, kuti z (nambala yosonyeza kuchuluka kwa ma standard deviation pakati pa avareji ndi 90) akhale 2. Tebulo la z limasonyeza 0.9772 kumanzere kwa 2, womwe ndi mwayi woti nthawiyo isapitirire mphindi 90, ndipo mukachotsa nambalayi pa 1 mwayiwo ndi 0.0228, kutanthauza pafupifupi kawiri pa maulendo 100 alionse.