Momwe mungakonzere tchuthi cha kunyanja yamchere kuchokera mu Blantyre

Dzuwa la Okutobala likayamba kuswa mtengo mu Blantyre muno, ambiri maganizo amathamangira ku Mangochi. Nkwabwino ndithu, koma nyanja yaikulu yamchere ya ku Mozambique siili kutali monga timaganizira. Munthu wonyamuka ku Limbe m'mamawa pa galimoto yake akhoza kukagona ku Quelimane tsiku lomwelo. Chofunika ndi kukonzekera bwino, kuti ulendo wokapuma usasanduke wokatopa.

Yambani ndi kusankha mwezi

Izi zikhale patsogolo pa zonse. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndi nyengo ya anamondwe kugombe la Mozambique. Idai anasakaza mzinda wa Beira mu Malichi 2019, ndipo Freddy, amene anatiliza ku Chilobwe ndi madera ena mu Malichi 2023, analowera kufupi ndi Quelimane komweko. Nthawi imeneyi misewu imaduka, milatho imakokoloka, ndiye musatengereko ana. Ngati mukufuna nyengo yotentha, pitani pakati pa Seputembala ndi Novembala mvula isanayambe. Amene mumagwira ntchito ndipo tchuthi chanu chimabwera pa Khirisimasi pokha, dziwani kuti malo ogona amadzaza ndi kukwera mtengo, choncho sungitsani chipinda mwezi ukadalipo.

Sankhani malo amodzi

Apa mpamene anthu ambiri amadzitopetsa. Amafuna kuona Beira, Vilankulo ndi Nampula pa sabata imodzi, mapeto ake tchuthi chonse chimathera m'galimoto. Dziko la Mozambique ndi lalitali kwambiri. Sankhani malo amodzi, mukakhazikike.

Pa ulendo woyamba ine ndingakulangizeni Zalala. Mzinda wa Quelimane uli m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, ndipo gombe la Zalala lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzindawo, njira yake yodutsa m'minda ya kokonati. Mchenga wake ndi wotambalala, woyendapo mpaka miyendo kutopa, koma madzi ake nthawi zambiri amaoneka a matope chifukwa cha mitsinje yothira m'nyanjamo.

Ngati muli ndi masiku ochulukirapo komanso mtima wanu uli pa madzi oyera, pitirirani kumpoto kudzera ku Nampula mpaka ku Ilha de Moçambique. Ndi kachilumba kakang'ono kolumikizidwa kumtunda ndi mlatho wotalika makilomita oposa 3. Kanali likulu la dzikolo mpaka 1898, ndipo bungwe la UNESCO linakaika pa mndandanda wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 1991. Pali linga lakale la São Sebastião, ndipo kumapeto kwake kuli katchalitchi komangidwa mu 1522. Konseko mumangoyenda wapansi. Chigawo cha Cabo Delgado chokha chisiyeni kaye, chifukwa kwakhala kuli nkhondo ya zigawenga kuyambira 2017, ndipo musananyamuke ulendo wa kumpoto mverani nkhani za masiku amenewo.

Mapepala ndi ndalama

Mmalawi safunika viza pokacheza ku Mozambique masiku osapitirira 30, koma pasipoti ndiyofunika, aliyense yake, ngakhale mwana. Onani tsiku lothera ntchito lero lomwe. Pachipata onetsetsani kuti akudindirani mbali zonse ziwiri, ndipo werengani masiku amene akulemberani.

Wopita ndi galimoto atenge laisensi, mapepala a umwini wa galimotoyo ndi kalata ya apolisi yoiloleza kutuluka m'dziko. Pachipata mudzalemba chikalata cholowetsera galimoto kwa kanthawi ndi kugula inshuwalansi ya kumeneko. M'galimoto musasowe ma triangle awiri ndi chovala chonyezimira chija, apolisi apamsewu amafunsa zimenezi. Mwayi wake, nawonso amayendetsa kumanzere.

Ndalama ya kumeneko ndi metical. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, pitani kubanki msanga mukafunse zimene akufuna, musadikire sabata yonyamuka. Mukawoloka gulani simu khadi ya Vodacom kapena Movitel, kuti abale kunyumba azikupezani pa WhatsApp.

Njira yake

Kuchokera ku Limbe dzerani msewu wa Midima kapena wa ku Thyolo mpaka ku Mulanje, kenako chipata cha Muloza. Tsidya lake ndi tauni ya Milange, kumene Chichewa chimamveka bwinobwino. Kuchokera apo mulunjike ku Mocuba. Pa Mocuba mpamene njira zimasiyana: kummwera ndi ku Nicoadala ndi Quelimane, kumpoto ndi ku Nampula. Opanda galimoto akwere minibasi ku depoti ya Limbe, awoloke chipata pa kabaza, ndipo ku Milange akapeza ma chapa, maminibasi a kumeneko. Amanyamuka m'mawa kwambiri, choncho kugona ku Mulanje kapena ku Milange nkwanzeru. Usiku musayende.

Ipatseni ulemu nyanjayo

Ndikupemphani muwerenge gawo ili kawiri. Nyanja yamchere si nyanja ya Malawi. Madzi ake amasefukira kumtunda ndi kubwerera kawiri pa tsiku, pafupifupi maola asanu ndi limodzi alionse amasintha. Pamene munasiya chitenje ndi foni pa mchenga wouma m'mawa, masana pakhoza kukhala pakati pa madzi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, kusefukirako kumakula. Funsani asodzi kapena eni malo ogona nthawi imene madzi akubwera, ndi pomwe anthu amasambira.

Pamakhalanso mikwasa ya madzi yokokera munthu kukati. Ikakugwirani musalimbane nayo posambira molunjika kumtunda, mungatope msanga. Sambirani chopingasa, motsata gombe, mpaka mutatulukamo, ndipo kwezani dzanja kuti ena akuoneni. Mwana asalowe m'madzi wamkulu ali pa foni, ndipo amene walawa mowa akhale pamchenga.

Dzuwa la kugombe limawotcha khungu ngakhale lathu lakudali. Sambani m'mawa ndi chakumadzulo, masana khalani pamthunzi, imwani madzi ambiri. Mukatuluka tsukani thupi ndi madzi abwino kuti mchere usakuyabweni. Udzudzu uliko, tengani neti.

Tsopano pumani

Musadzaze tsiku ndi mapulogalamu. Dzukani mbandakucha mukaone dzuwa likutuluka m'nyanja, poti gombe limeneli layang'ana kum'mawa. Dikirani asodzi akamakocheza, mugule nsomba kapena nkhanu zangovuulidwa kumene, mupemphe akuwotchereni. Ku Quelimane musachoke osalawa nkhuku yowotcha yonyikidwa mu mkaka wa kokonati, imene chigawo cha Zambézia chimatchuka nayo, ndipo mumzinda yendani pa kabaza, njinga zilipo zosawerengeka. Kupereka moni wa "bom dia" musanafunse mtengo kumafewetsa mitima, ngakhale Chipwitikizi chanu chithere pomwepo.

Pobwerera nyamukani kutatsala tsiku limodzi kuti tchuthi chithe, ndipo funsiranitu nthawi imene chipata cha Muloza chimatsekedwa, kuti mdima usakupezeni muli ku Milange.