Mankhwala otsala a malemu: muwataye bwanji?

Mwafunsa kuti agogo atatisiya mwapeza chitini chodzaza mapilitsi awo a BP ndi a shuga, zingano za insulin (mankhwala a shuga obaya) komanso botolo la morphine (mankhwala amphamvu oletsa ululu), ndiye mutaye bwanji. Pepani ndi zovutazi.

Choyamba, chotsani chitinicho pomwe ana angafikire. Mapilitsi amitundumitundu aja mwana amangoti ndi maswiti.

Kenako patulani morphine. Ameneyu musamuthire pansi, musasungirenso wina: pang'ono chabe angathe kumuletsa mwana kupuma. Mubwezeni kuchipatala komwe munamutenga. Zingano ziikeni m'botolo lapulasitiki lolimba, mutseke bwino, mupite nazo ulendo womwewo.

Mapilitsinso ndi bwino kuwasiya kufamase ya chipatala. Ngati sizikutheka, atulutseni m'mapaketi koma mapilitsiwo osawaphwanya, muwasakanize ndi phulusa lonyowa kapena masamba a tiyi ogwira kale ntchito, mumange m'jumbo. Jumboyo kwirirani m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime kapena mjigo, pomwe agalu ndi nkhuku sangafukule. Mumtsinje ayi. Ngati mulinso inhaler ya mphumu, musaiponye pamoto, imaphulika.

Musanataye timapepala ndi mabotolo opanda kanthu, fufutani dzina la malemu.

Chovuta kwenikweni ndi abale. Azakhali sadzalephera kubwera: "Mundigawireko a shuga aja, nanenso ndimadwala omwewo." Akanizeni mwaulemu. Mlingo wa agogo si wawo, ndipo mapilitsi a shuga monga glibenclamide amatha kutsitsa shuga mpaka munthu kukomoka. Auzeni akayezetse kaye kuchipatala.