Phukusi la Khrisimasi la m'bale wanu amene ali pa sitima yankhondo

Ife Amalawi okhala kunja kuno, kutumiza katundu tinakuzolowera. Tikati titumize kumudzi timadzaza migolo ndi zikwama mpaka zipi kukana kutseka, poti kwathu mphatso imayamba kuyamikidwa ndi kulemera kwake. Koma pali abale ena amene chizolowezi chimenechi sichiwathandiza: ana athu, amuna athu, azichemwali ndi azichimwene amene ali mu Royal Navy, gulu la asilikali apanyanja a dziko la Britain. Mu Novembala 2018 boma la UK linachotsa lamulo loti munthu wochokera m'dziko la Commonwealth ayambe wakhala m'dzikomo zaka zisanu asanalembedwe usilikali, ndipo khomo limenelo linatsegukiranso achinyamata akwathu. Ena mwa iwo Khrisimasi ikawapeza pakati pa nyanja. Phukusi lopita kwa munthu wotere liyenera kukhala laling'ono, linyamuke msanga, ndipo adiresi yake ikhale yolondola.

Pa adiresipo musalembe za m'mutu. Makalata ndi maphukusi a asilikali a Britain amadutsa ku British Forces Post Office, imene aliyense amangoti BFPO, ndipo likulu lake lili ku bwalo la ndege za asilikali la RAF Northolt, kuzambwe kwa London. Sitima iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya BFPO yomwe imayenda nayo kulikonse. Pamzere woyamba lembani nambala ya usilikali ya mwini phukusi, udindo wake, ndi dzina lake monga lilili m'mabuku a kuntchito. Dzina lomwe mumamuitanira pakhomo lisiyeni likhale la m'kalata. Pamzere wachiwiri dzina la sitima, kaya ndi HMS Protector kaya HMS Tamar, ndipo pamzere wachitatu BFPO ndi nambala yake. Musawonjezere dzina la dziko kapena la doko, ngakhale mwini wake wakuuzani pafoni kuti ali ku Bahrain. Mukalemba dziko, phukusi litha kusokonekera m'mapositi wamba a kumeneko n'kumakazungulira sitima itachoka kalekale.

Kuchoka ku Northolt, matumba a makalata amatumizidwa ku doko kumene sitima ikuyembekezeka kukocheza. Nthawi zina amakwezedwa pa sitima ya Royal Fleet Auxiliary, ija imanyamula mafuta ndi chakudya, n'kuwolotsedwa pa chingwe sitima ziwirizo zikuyenda moyandikana, kapena kutsitsidwa ndi helikoputa. Ulendo wa sitima yankhondo umasintha mosachenjeza. Ikalamulidwa kukhotera kwina, thumba lanu limatsala padoko kudikira njira ina, ndipo milungu imatha. N'chifukwa chake ndimati phukusi la Khrisimasi lichoke m'manja mwanu kumayambiriro kwa Novembala. Tsiku lomaliza lotumizira limalengezedwa chaka chilichonse pa tsamba la BFPO pa GOV.UK, webusaiti ya boma la UK, koma musalidikire, poti ndi m'masiku omalizawo momwe aliyense amathamangira ku positi.

Pali mwayi umene mabanja ambiri atsopano saudziwa. Ngati sitima ili pa ntchito yomwe unduna wa zachitetezo unaiika pamndandanda, achibale ndi anzake apamtima a msilikali amatumiza phukusi losapitirira makilogalamu 2 kwaulere. Dongosololi amalitcha Enduring Families Free Mail Service, ndipo nyengo ya Khrisimasi ikamayandikira pamakhalanso lina la milungu yochepa. Funsani m'bale wanuyo ngati sitima yake ili pamndandandawo, kenako pitani nalo phukusi pa kauntala ya Post Office. Liyezeni kunyumba pa sikelo ya kukhitchini, katoni ndi tepi zomwe. Likapitirira, ligaweni pawiri. Pemphani kapepala kosonyeza kuti mwatumizadi, koma zinthu zodula monga wotchi kapena ndalama musaziike m'phukusi laulereli.

A ku mpingo ndi a m'magulu athu a Amalawi, mtima wanu wofuna kusonkha makatoni n'kutumizira "asilikali onse" ndi wabwino, komabe unduna umapempha kuti anthu asatero. Maphukusi opanda dzina amadzaza malo m'ndege n'kuchedwetsa a mabanja. Ndalama zimenezo zingagwire ntchito yabwino ku bungwe ngati Royal Navy and Royal Marines Charity.

Tsono muikemo chiyani? Yambani mwaona m'maganizo mwanu kumene phukusilo likukafikira. Msilikali wamba pa sitima amagona pa kabedi kosanjikizana ndi anzake, ndipo katundu wake yense amalowa m'kalokala kopapatiza ndi m'kadirowa. Mulibe poika katoni yaikulu. Makalata akafika, phukusi limatsegulidwira patebulo la m'chipinda chochezera, anzake a ku Fiji, a ku St Vincent, a ku Ghana ndi a ku Scotland atazungulira, aliyense khosi lili tolotolo. Chotuluka mmenemo chimadyedwa ndi onse, ndipo mawa lake phukusi la mnzake likafika nayenso amanyemeredwa. Choncho katoni ya nsapato ndi yokwana, ndipo theka lake likhale zinthu zogawika.

Mtedza wokazinga wa m'mapaketi otsekedwa kufakitale umayenda bwino, chimodzimodzinso makadamiya. Tiyi wa Chombe kapena wa ku Satemwa ndi wopepuka ndipo madzi otentha sasowa m'sitima. Khofi wa Mzuzu ndi wabwino ngati mwini wake ali ndi posefera. Tsabola ndiye musamuiwale. Chakudya cha m'sitima n'chokwanira koma pakamwa pa Mmalawi chimazizira, ndipo kabotolo ka pulasitiki ka kambuzi wouma wosinja kamakhala patebulo mpaka ulendo kutha. Nali amamukonda, inde, koma botolo lagalasi la zamadzimadzi likasweka m'thumba limawononga makalata a anthu ena ambiri, ndiye ine ndimasankha wouma.

Pali zina zimene mtima umafuna koma nzeru imakana. Ufa ndi mpunga wa Kilombero n'zolemera pachabe, chifukwa m'khitchini ya sitima mumalowa ophika okha ndipo m'bale wanu alibe mbaula yoti n'kutereka poto wa nsima. Usipa, utaka ndi matemba ouma zimandiwawa kuziletsa, koma m'sitima mpweya umazungulira m'mapaipi, ndipo fungo la paketi imodzi limafika kwa anthu onse ogona chipinda chimenecho. Musungireni adzadye akabwera. Ufa wa malambe womangidwa m'kajumbo kopanda chizindikiro umaoneka ngati chinthu china kwa woyendera katundu, choncho tumizani wa m'paketi yolembedwa. Ndipo chonde, amayi ndi agogo, mankhwala azitsamba ayi. Asilikali a Britain amapimidwa mkodzo mwadzidzidzi kuti aone ngati akugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa, ndipo munthu amachotsedwa ntchito chifukwa cha zimenezi. Mizu yomwe palibe amene akudziwa zomwe zili mkati mwake isamuike mwana pachiswe.

Kupatula zakudya, ganizirani khungu ndi tsitsi lake. Kashopu ka m'sitima n'kakang'ono ndipo kawirikawiri mafuta oyenera khungu ndi tsitsi lathu samapezekamo, pamene mphepo yamchere imaumitsa milomo ndi manja. Kabotolo ka Vaseline, mafuta olimba a tsitsi, chipeso, ndi masokosi abwino, zonsezi zimagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Chitenje chimodzi chopindidwa bwino sichilemera, ndipo akachiyala pa kabedi kake malowo amakhala akeake. Funsaninso za nyengo. Chokoleti chopita ku Gulf, nyanja ya kumaiko otentha a Chiarabu, chimafika chitasungunuka, pamene wa pa HMS Protector kufupi ndi Antarctica angakondwere ndi magolovesi ndi chipewa chaubweya.

Zoletsedwa ndi zija zingayake kapena kuphulika m'ndege: zopopera zonse za m'zitini, perefyumu, polishi wa zikhadabo, machesi, malaita, mabatire a lithium ndi ma power bank, ngakhalenso ma Christmas cracker, timphatso tophulika pokoka tija timadzaza m'masitolo nyengo ya Khrisimasi. Mowa nawonso ayi, Malawi Gin yemwe. Ngati phukusi likudzera m'maiko a Chiarabu, chilichonse cha nkhumba chisalowemo. Maphukusi amaunikidwa ndi makina, ndipo chinthu chimodzi cholakwika chitha kuimitsa katoni yonse. Pa fomu ya kasitomu ya CN22 lembani chinthu chilichonse ndi mtengo wake: tiyi, mtedza, masokosi. Kungolemba kuti mphatso sikokwanira. Mkati mwa katoni ikaninso kapepala ka adiresi, kuti chizindikiro chakunja chikanyowa kapena kung'ambika adziwe mwini wake.

Pamwamba pa zonsezi pakhale kalata, yolemba pamanja, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, chilankhulo chimene munthuyo watha miyezi osachimva. Intaneti ya m'sitima imadukaduka, ndipo nthawi zina imatsekedwa dala chifukwa cha chitetezo, koma pepala amaliwerenga kambirimbiri. Muuzeni nkhani zazing'ono: mvula yagwa liti kumudzi, chimanga chamera bwanji, ndani wakwatira, Bullets ndi Wanderers zatha bwanji. Ana ajambule dzanja lawo papepala. Zithunzi zitsukeni, poti za m'foni sangazimate pakhoma la bedi. Nkhani za ngongole, za fizi ndi za mikangano ya malo zidikire, chifukwa munthu ali pakati pa nyanja palibe chomwe angachitepo kupatula kusowa tulo.

Uthenga wa maliro kapena wa matenda aakulu usadzere m'phukusi kapena pa WhatsApp. Pali ofesi yotchedwa Joint Casualty and Compassionate Centre, mwachidule JCCC, imene imayankha foni usana ndi usiku. Iwo ndi amene amadziwitsa akuluakulu a sitima kuti munthu auzidwe mwaulemu, n'kuona ngati angathe kupita kumudzi. Nambala yake ikhale ndi munthu mmodzi kuno ku UK ndi wina ku Malawi. Ndipo poti ambiri a ife tinaleredwa ndi agogo, azakhali kapena amalume, muuzeni m'bale wanuyo afotokozeretu kuntchito za amene anamulera, kuti tsiku la zovuta asadzayambe kulongosola ubale.

Amene m'bale wawo ali pa sitima zoyenda pansi pa madzi za ku Faslane, ku Scotland, zawo n'zosiyana. Kuyambira 1969 Britain amakhala ndi sitima imodzi ya zida za nyukiliya yobisala m'nyanja nthawi zonse, ndipo m'zaka zaposachedwapa maulendo ena adutsa masiku 200. Kumeneko sikufika phukusi. Banja limaloledwa kutumiza kauthenga kotchedwa familygram, mawu 120 pa mlungu, kamene kamawerengedwa kaye ndi akuluakulu, ndipo wolandirayo sangayankhe. Mphatso ya Khrisimasi imaperekedwa asananyamuke, yokulungidwa, yolembedwa kuti "Usatsegule mpaka pa 25 Disembala". Tsiku lonyamuka simuuzidwa motsimikiza, ndiye ikonzeni ikhale chire.

Za tsiku lonyamuka, doko lotsatira ndi tsiku lobwerera, zisungeni mumtima. Kunyadira mwana n'kwabwino, koma kulemba pa Facebook kapena m'gulu la mpingo kuti sitima yakuti ifika kwakuti Lachinayi n'kuika anthu mazana pangozi, komanso mwiniwakeyo angalowe nazo m'mavuto kuntchito.

Makolo amene ali ku Malawi kapena ku Joni, njira yosavuta ndi kupatsira munthu wobwera ku UK tiyi, chitenje ndi kalata, kuti wachibale wa kuno aziphatikize m'katoni n'kutumiza pa BFPO. Kumbukirani kuti nyama ndi zamkaka zochokera kwathu siziloledwa kulowa mu Britain. Kwa a ku America amene ana awo ali mu US Navy, mfundo zake n'zofanana: adiresi imakhala ya FPO, positi ya asilikali apanyanja a kumeneko, yotsatidwa ndi AE, AP kapena AA, dzina la dziko silembedwa, ndipo mumatumiza kudzera ku USPS, positi ya dziko la America, pamtengo wa makalata a m'dziko momwemo, fomu ya kasitomu ili pomwepo.

Musathere zonse pa katoni imodzi ya Disembala. Pa Khrisimasi sitima imakhala ndi chisangalalo chake, akuluakulu amaperekera chakudya kwa asilikali wamba monga mwa mwambo wawo, ndipo pafupifupi aliyense amalandira kanthu. Miyezi yowawa ndi Januwale ndi Febuluwale, pamene matumba a makalata amabwera opepuka ulendo usanathe. Pogula za Khrisimasi patulani paketi ina ya tiyi ndi tsabola, mudzatumize chaka chikangoyamba.