Mmene Mungatsatire Mbiri ya Wansembe Wosewera Kriketi wa ku England wa M'zaka za m'ma 1800

Dzina la wansembe wosewera kriketi mwalipeza pa masamba a pa intaneti a mbiri ya kriketi, CricketArchive kapena ESPNcricinfo. Palembedwa masewero ake atatu kapena anayi, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira, basi. Mukafuna kudziwa moyo wonse wa munthu wotere, ine ndimati kriketiyo muyambe mwaiika pambali. Ambiri a iwo anasewera ali anyamata kwa zaka zochepa chabe, pomwe mu mpingo anatumikiramo mpaka imvi, ndipo mpingo wa Church of England unkalemba chilichonse.

Yambirani kusukulu. Pafupifupi onse anadutsa ku Oxford kapena ku Cambridge. Wa ku Oxford mumufufuze m'buku la Alumni Oxonienses la Joseph Foster, lomwe limatchula dzina la bambo ake, koleji yake ndi zaka zimene anali nazo polowa. Wa ku Cambridge ali mu Alumni Cantabrigienses, ntchito ya John Venn ndi mwana wake, ndipo pa intaneti ilipo yaulere. Venn ameneyu ndi yemwe uja wa timizere tozungulira ta m'masamu, ndipo nayenso anadzozedwapo unsembe.

Dzina la bambo a wansembe amene mukumufufuzayo mulilembe pomwepo. M'mabanja a anthu amenewa ana aamuna ankakhala ambiri, onse osewera, ena awiri kapena atatu ansembe, ndiye kusakaniza mkulu ndi mng'ono wake n'kosavuta. Mapepala a zotsatira za masewero amakuthandizani pang'ono: wosewera mongokonda, wosalandira malipiro, ankamulemba ndi zilembo zoyambirira za maina ake, nthawi zina ndi "Mr" kapena "Rev." patsogolo, pamene wolipidwa kawirikawiri ankangomutchula dzina la makolo lokha. Tsankho limeneli linali poyera, moti kuyambira 1806 mpaka 1962 kunkachitika masewero a Gentlemen ndi Players, olemekezeka mbali ino, aganyu mbali inayo.

Kenako tsatani kudzozedwa kwake. Lamulo linali lakuti munthu akhale dikoni atakwanitsa zaka 23, ndipo wansembe atakwanitsa 24, choncho chaka chake mutha kuchiyerekeza musanatsegule n'komwe buku. Crockford's Clerical Directory, buku la mndandanda wa ansembe a mpingowu, inayamba kutuluka mu 1858. M'menemo mupeza bishopu kapena dayosizi imene inamudzoza, maparishi onse amene anatumikira, ngakhalenso ndalama zimene parishiyo inkabweretsa pachaka. Zaka zam'mbuyo mwa 1858 muziyang'ane mu Clergy List, yomwe inayamba mu 1841. Amene anadzozedwa 1835 isanakwane ali mu Clergy of the Church of England Database.

Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni, ndiye musathamange. Onani zaka zimene anakhala curate, wothandizira wansembe wamkulu pa malipiro ochepa, asanapatsidwe parishi yakeyake monga vicar kapena rector. Onaninso amene anali ndi mphamvu yosankha wansembe wa parishiyo. Nthawi zambiri ankakhala mwini minda wa m'deralo, koleji, kapena wachibale. Mukaona mnyamata wa zaka 25 atalandira parishi yonona kuchokera kwa munthu wa dzina lofanana ndi lake, mwadziwa kale mmene anapezera nthawi yosewera mpira mkati mwa sabata. Lord Frederick Beauclerk, yemwe anamwalira mu 1850, anali mwana wa Duke of St Albans ndiponso vicar wa tchalitchi cha St Michael ku St Albans, koma anatchuka ndi kubetcha ndalama pa kriketi kuposa kulalikira.

Ena anatsata njira ya uphunzitsi, choncho akasowa m'maparishi mukawafune m'masukulu. Vernon Royle anasewerera England kamodzi kokha, ku Melbourne mu 1879, kenako anadzozedwa n'kukhala mphunzitsi mpaka kudzatsogolera sukulu ya Stanmore Park. Charles Wordsworth, amene anakonza masewero oyamba a Oxford ndi Cambridge pa bwalo la Lord's ku London mu 1827, anadzakhala bishopu wa St Andrews ku Scotland.

Za panyumba pa wansembe wanuyo muzipeza m'kalembera wa anthu, amene ankachitika zaka khumi zilizonse. Wa 1841 ali ndi maina koma zaka za akuluakulu sanazilembe ndendende, wa 1851 ndiye amatchula malo enieni obadwira. Werengani chiwerengero cha antchito apakhomo. Chuma chimene anasiya chili mu National Probate Calendar, kuyambira 1858.

Tsopano mubwerere ku kriketi. Wisden, buku la kriketi lotuluka chaka chilichonse, inayamba mu 1864, ndipo nkhani zake za omwalira zimakhala zazifupi komanso zoyamikira kwambiri. Masewero akale kuposa pamenepo anawasonkhanitsa Arthur Haygarth mu Scores and Biographies. Manambala ochepa a wansembeyo asakuchititseni kumunyoza: mabwalo anali okumbikakumbika, kuponya mpira mkono uli pamwamba pa phewa kunaloledwa mu 1864, ndipo gulu la masewero apamwamba otchedwa first-class linakhazikitsidwa mwalamulo mu 1895, akale aja anangowaikamo pambuyo pake. Masewero a timu ya m'mudzi wa parishi yake, komwe mwina anali kaputeni kwa zaka zambiri, sali m'manambala amenewo. Amenewo mukawafune m'nyuzipepala za m'chigawo chake pa British Newspaper Archive, polemba dzina lake pamodzi ndi dzina la parishi.