Mukapita ku Bazaruto, tsatani nthawi ya madzi

Kwa anzanga a ku Angónia ndi ku Tsangano amene mukufuna kukaona mbalame pa tchuthi ku zilumba za Bazaruto, m'nyanja yamchere ya ku Mozambique, ndikukupemphani kuti mufunse eni maboti a ku Vilankulo nthawi imene madzi amaphwera musanakonze ulendo wa tsikulo. Ife tinazolowera Zambezi ndi Cahora Bassa, koma nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku, ndipo nthawiyo imachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Madzi akaphwera, mchenga wonyowa umaonekera, ndipo apo ndi pamene mafulamingo, akakowa ndi timbalame tochokera ku Ulaya ndi ku Asia timasonkhana kufunafuna nkhanu ndi nyongolotsi. Timbalame taulendoti timachuluka kuyambira mu Okutobala mpaka mu Malichi.

Tengani magalasi oonera patali, muvale zovala zosawala, ndipo mukhale pansi dzuwa lili kumsana kwanu. Musaziyandikire mbalamezo, chifukwa zikauluka zimataya mphamvu zimene zikusungira ulendo wobwerera kwawo. Malowa ndi otetezedwa kuyambira mu 1971. Pa tinyanja ta madzi abwino ta pachilumba cha Bazaruto muyende ndi wokutsogolerani, popeza muli ng'ona.