Land Cruiser yanga ikumwa dizilo kwambiri m'misewu yafumbi, nditani?

Funsoli ndi la mwini Land Cruiser 79 ya injini ya 1HZ, ya malita 4.2. Yambani ndi air filter, sefa ya mpweya wolowa mu injini. Fumbi likaitseka, injini imabanika, utsi wakuda n'kumatuluka, mphamvu n'kuchepa. Ichotseni, muigogode pang'ono. Ikada kwambiri, gulani ina.

Kenako giya yaing'ono ija, yosankhira 2H, 4H ndi 4L. Pamsewu wouma ndi wolimba yendani pa 2H (matayala akumbuyo okha ndiwo amakoka), ma hub (zotembenuza za pakati pa matayala akutsogolo) ali pa FREE. Mukafika pamatope kapena pamchenga, imani, tembenuzani ma hub onse awiri pa LOCK, mulowetse 4H (matayala onse anayi amakoka). 4L (matayala onse anayi pa giya yotsika, yamphamvu) isungireni zitunda zoopsa ndi potuluka mutatitimira, chifukwa imamwa kwambiri. Ambiri amaiwala kubwezera 2H akafika pa tala, ndipo zimenezi zimandiwawa mtima: matayala amatha msanga, zitsulo za pansi n'kumavutika pokhota.

Mukaphwetsa matayala kuti mudutse mchenga, apopeninso musanathamange.

Poyendetsa, musaikalipitse injini. 1HZ imakoka bwino kwambiri pafupi ndi 2,200 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa miniti imodzi), choncho sinthani giya msanga. Katundu wapadenga amene simukumufuna paulendowo, mutsitseni.